NKHOKWE YA NYIMBO

MAU OYAMBA

M'nyumba mwanga, kuno patsinde pa phiri la Michesi m'boma la Phalombe, muli kabokosi ka matabwa kamene ndisungamo zinthu zinai. Coyamba ndi mbale yakuda ya galamafoni, yong'aluka m'mphepete, imene inali ya agogo anga amuna. Caciwiri ndi kaseti imene muli mau a agogo anga akazi. Cacitatu ndi CD imene ndinagula ndi malipiro anga oyamba a uphunzitsi. Cacinai ndi kakhadi ka m'foni, kakang'ono ngati cikhadabo ca mwana. Zinthu zinaizi zisiyana maonekedwe, koma nchito yace ndi imodzi, pakuti zonse ndi nkhokwe zosungiramo nyimbo.

Inu awerengi, ambiri a inu ndinu alimi, ndipo mudziwa kuti nkhokwe siikhala muyaya. Ciswe ciidya, denga lace lidontha, ndipo zikapita zaka mwini wace aluka yatsopano nasamutsiramo cimanga cace. Mbiri imene ndifuna kukufotokozerani m'kabuku kano ndi ya nkhokwe za nyimbo: kumene zinacokera, umo zinafikira kwathu kuno, ndi umo iri yonse inakalambira nisiyira inzace malo. Tikaimvetsa mbiri imeneyi tidzadziwa cocita kuti nyimbo zimene tizikonda zisatayike m'manja mwathu.

NKHOKWE YOYAMBA: MTIMA WA MUNTHU

Kale lomwe nyimbo inalibe posungira pena koma mumtima mwa munthu. Mwana anaimva ali kumbuyo kwa amace, naimvanso pamtondo, kumunda, kucinamwali ndi pamaliro, kufikira itakhazikika mwa iye. Atakula anaipatsira ana ace momwemo.

Kuyambira cakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alomwe ambiri anaoloka malire kucokera ku dziko limene lero tilicha Mozambique, pothawa msonkho, nchito yokakamiza ndi nkhanza za Apwitikizi. Ena anakhala m'cigwa ca Phalombe, ena anakagwira nchito m'minda ya Azungu ku Mulanje ndi ku Thyolo. Katundu amene anasenza pamutu anali wocepa, koma nyimbo zao anafika nazo zonse, cifukwa nyimbo siilemera. Ndico cifukwa cace Tchopa, sekhere ndi magule ena a Cilomwe abvinidwa kuno kufikira lero. M'caka ca 2014 bungwe la UNESCO linalemba Tchopa m'kaundula wa miyambo yamtengo wapatali ya anthu a pa dziko lonse.

Komabe nkhokwe imeneyi inali ndi bvuto lace. Nkhalamba ikamwalira isanaphunzitse wina, nyimbo zace zinapita nayo kumanda. Ngakhale pamene mau a nyimbo anatsala, liu la woimbayo silinatsale ai. Mdzukulu akhoza kuimba nyimbo ya agogo ace, koma sakhoza kutimvetsa umo iwo eni ace anali kuitsetserekera pakhosi.

GALAMAFONI IFIKA PA MUDZI

M'caka ca 1877 munthu wina wa ku America, dzina lace Thomas Edison, anapanga makina oyamba okola mau a munthu ndi kuwabwezanso. Zitapita zaka 10, Emile Berliner anapeza njira yolembera mauwo pa mbale yaphanthiphanthi, ndipo makina oizungulitsa anawacha galamafoni.

Tiyeni tione umo igwirira nchito. Mukaika dzanja pa cikopa ca ng'oma ina pamene inzace irikulira, mudzamva cikunjenjemera. Mau onse ali otero: ndiwo kunjenjemera kwa mpweya. Pojambula nyimbo, mau ananjenjemeretsa singano, ndipo singanoyo inakanda kamzere kamodzi kozungulira ngati nkhata, kuyambira m'mphepete mwa mbale kufikira pakati. Poimba mbaleyo, singano ina iyenda m'kamzere komweko, ninjenjemera monga inacitira yoyamba ija, ndipo mau aja abwerera m'makutu mwathu.

Mbale za masiku amenewo zinazungulira ka 78 pa mphindi imodzi, ndipo mbali iri yonse inaimba ngati mphindi 3 zokha. Zinapangidwa ndi utomoni wa tizirombo tina ta ku India, cotero zinali zosacedwa kusweka, monga mbale yadothi. Singano yace yacitsulo inabuntha msanga, ndipo mwini galamafoni anasunga zambiri m'kacitini. Magetsi sanafunike, munthu anangopukusa cigwiriro ndi dzanja, ndipo akacita ulesi nyimbo inayamba kukokeka ngati munthu wa tulo.

Amene anadza nazo kuno ndiwo amuna opita kukagwira nchito kunja. Ena analembedwa ndi Wenela kunka ku migodi ya ku Joni, ena ndi Mthandizi kunka ku Southern Rhodesia, dziko limene tsopano ndi Zimbabwe, ndipo ambiri anangoyenda okha pansi. Wobwerako bwino anadziwika ndi njinga, jekete ndi galamafoni. Agogo anga anabwera nayo kucokera ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, pamodzi ndi mbale zingapo zokulunga m'bulangete. Amai anandiuza kuti madzulo anthu anadzaza bwalo, ndipo ana anasuzumira m'bokosimo kufuna kuona tianthu toimbato.

Tizindikire cinthu cimodzi. Nyimbo za pa mbalezo zinali za eni ace, zojambulidwa ndi makampani monga Gallo wa ku Johannesburg. Munali kwela wa Spokes Mashiyane ndi anzace oliza zitoliro, munali magitala a ku Bulawayo ndi a ku Congo. Anyamata athu anazimvetsera, nasema mabanjo a zigubu za mafuta, nayamba kutsanzira. Koma nyimbo za pamtondo za amai ao sizinali pa mbale iri yonse ya m'sitolo.

MUNTHU AMENE ANALEMBA MAINA

Panali Mzungu wina, dzina lace Hugh Tracey, amene anabadwa ku England m'caka ca 1903 nadza ku Southern Rhodesia ali mnyamata kudzalima fodya. Pomva nyimbo za anchito a m'munda anazikonda, naona kuti palibe amene alikuzisunga. Cotero anapereka moyo wace ku nchito yoyendayenda ndi makina ojambulira mau m'maiko ambiri a mu Africa. Nyimbo za anthu a ku Nyasaland anazijambula m'zaka za 1950, 1957 ndi 1958: za Amang'anja, Acewa, Ayao, Atonga, Atumbuka ndi ena, zoimba ndi bangwe, kalimba, malimba ndi ng'oma.

M'caka ca 1954 anakhazikitsa nyumba yosungiramo nyimbo yochedwa International Library of African Music, pafupi ndi Johannesburg, ndipo anaturutsa mbale zoposa 200 za nyimbo zimene anasonkhanitsa. Iye anamwalira m'caka ca 1977, ndipo caka cotsatira mwana wace Andrew Tracey anasamutsira cuma conseco ku Rhodes University, mu mzinda wa Grahamstown umene tsopano uchedwa Makhanda.

Cimene ndifuna kuti muphunzire kwa munthu ameneyu si kukula kwa makina ace, koma khalidwe lace lolemba. Pa nyimbo iri yonse anali ndi kakhadi ka pepala, ndipo analembapo dzina la woimba, mtundu wace, dera lace, coimbira cimene anagwiritsa nchito, ndi tanthauzo la nyimboyo. Cifukwa ca timakhadi timeneti, pamene nyimbozo zinasamutsidwa kucoka pa matepi kunka pa CD ndi m'kompyuta, zinasamuka pamodzi ndi maina a eni ace. Motero anchito a nyumba ija akhoza kubwezera nyimbo zina ku madera kumene zinajambulidwa, ndipo alipo anthu amene amva mau a makolo ao patapita zaka zoposa 50.

Winanso amene anacita nchito yotere ndi Gerhard Kubik wa ku Vienna, m'dziko la Austria. M'caka ca 1967 anakomana ku Blantyre ndi anyamata awiri apacibale, Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi wa Singano ku Chileka, amene anakhalako ku Salisbury ali ana namva kwela kumeneko. Kubik anajambula mau ao ndi zithunzi zoyenda. Daniel anamwalira m'caka ca 1987, Donald m'caka ca 2001, koma gitala wa Daniel ndi citoliro ca Donald zimvekabe. Ndipo nchito yosunga siinatsalire alendo okha ai, pakuti Moya Aliya Malamusi, mwana wa ku Chileka komweko, anayambitsa pa mudzi pao malo osungira nyimbo, nthano ndi zoimbira za makolo.

MASIKU A WAILESI

M'caka ca 1949 kunabwera wailesi yotsika mtengo imene Azungu anaicha Saucepan Special, cifukwa thupi lace linali ngati sefuliya yophikira. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndipo inayendera batire lalikulu. Nayo anthu a ku Nyasaland anamvera nyumba ya mphepo ya ku Lusaka, imene inaulutsa mau m'Cinyanja ndi m'zinenero zina. Kumeneko kunali Alick Nkhata, woimba ndi woulutsa mau wochuka, ndipo omvera analemba makalata kupempha nyimbo zimene anazikonda.

Dziko lathu litalandira ufulu m'caka ca 1964, tinakhala ndi wailesi yathu, Malawi Broadcasting Corporation, kapena kuti MBC. Anchito ace anajambula oimba ku Blantyre, nayendanso m'maboma ndi makina a matepi akuluakulu okulunga pa mikombero. Kampani ya Nzeru inayesa kuturutsa mbale za oimba a m'dziko muno kuyambira caka ca 1968, koma nchitoyo inatha patangopita zaka zowerengeka. Cifukwa ca ici nyimbo zambiri za nthawi imeneyo zinakhala pa tepi imodzi yokha, m'cipinda ca ku MBC. Wokonda nyimbo za Allan Namoko, wakhungu wa ku Thyolo uja woliza banjo amene anaimba m'Cicewa ndi m'Cilomwe, anayenera kudikira pa wailesi kufikira woulutsa mau atamkumbukira.

Tepi nayo ikalamba. Cinyezi ciimeretsa nkhungu, kutentha kuimatiriza, ndipo makina oiimbira akaonongeka zitsulo zace zisowa. M'zaka za pambuyo pa 2010, ndi cithandizo ca dziko la Norway, a MBC anagwira nchito yosamutsira nyimbo za pa matepi akalewo m'kompyuta. Kukadapanda kutero, mau a oimba ambiri amene anatisiya kale akadafera m'mashelefu popanda womva.

KASETI NDI NAPOLO WA 1991

Kampani ya Philips ya ku Holland inaturutsa kaseti m'caka ca 1963, koma m'midzi yathu inawanda m'zaka za m'ma 1980. Kaseti ndi tepi yomwe ija, yocepetsedwa ndi kutsekeredwa m'kabokosi kolowa m'thumba la malaya. Ina inatenga mphindi 60, ina 90. Pofuna kusunga mabatire tinali kuibweza ndi colembera, ndipo ikaduka tinailumikiza ndi utomoni kapena ndi utoto wa zikhadabo.

Ubwino wace waukulu unali uwu: kwa nthawi yoyamba munthu wamba anakhoza kujambula yekha. Galamafoni inangolankhula, koma wailesi ya kaseti inamvanso. Atate anga anagula imodzi ndi ndalama za fodya ndi nandolo, nayamba kujambula nyimbo za pa wailesi, nalemba maina ace pa cikuto ndi dzanja lao losazolowera colembera. Tsiku lina anaitana amai ao, ndiwo agogo anga akazi, pamodzi ndi anzao awiri, nawapempha kuti aimbe nyimbo za Cilomwe za pamtondo ndi za ulendo wocokera kwao. Agogo poyamba anakana, nati makinawo adzawamwera mau. Atamva liu lao lirikuturuka m'bokosi anaseka mpaka misozi. Caka cisanathe anamwalira.

Amalume anga, amene anali pa nchito ku Limbe, atabwera pa maliro anamva kasetiyo, napempha kuti aibwereke. Atate anakana kuipereka, koma anabwereka wailesi ya mnansi, naziika ziwirizo moyang'anana, najambulira amalume kaseti yaoyao. Mau ace anaturuka otsika, ndipo pakati pa nyimbo ina pamveka tambala alikulira.

Pa 10 March, 1991, itagwa mvula yamphamvu, phiri la Michesi linagumuka. Madzi, matope, mitengo ndi miyala yaikulu ngati nyumba zinatsika ndi mkokomo, nizisesa midzi, minda ndi milato. Akuluakulu anati wadutsa Napolo. Anthu mazanamazana anafa, ndipo ambiri sanapezeke konse. Ine ndinali mnyamata wa sukulu. Banja lathu linapulumuka ndi zobvala za m'thupi zokha, ndipo pa tsiku lotero palibe analira kaseti, pakuti tinali kulira anthu. Galamafoni ya agogo, wailesi ya atate ndi makaseti ao onse zinapita. Mbale yong'aluka ija inatoledwa m'matope patapita masabata.

Zitapita zaka, mitima itakhala pansi, atate anayamba kudandaula kuti aiwala liu la amai ao. Pamenepo amalume anakumbukira kaseti yao, naipeza m'sutikesi ku Limbe. Ndiyo iri m'kabokosi kanga lero. Kaseti yabwino, yomveka bwino, imene atate anaiumirira, inapita ndi madzi; yotsika mau ija, ya tambala, imene inapatsidwa kwa mbale wokhala kutali, ndiyo inatsala. Cakudza siciimba ng'oma.

M'zaka zomwezo za m'ma 1990 kaseti inasanduka malonda akulu. Ku Balaka, Paul Banda wa Alleluya Band anali kujambula oimba ambiri, ndipo mng'ono wace Lucius Banda anachuka dziko lonse. Sitolo ya O.G. Issa ku Limbe inagulitsa makaseti a oimba a m'dziko muno, ndipo ogulitsa anafika nawo mpaka pa misika ya kumidzi. Koma kuphweka kwa kujambula kunabala bvuto lina, pakuti anthu ena anayamba kuculukitsa makaseti a eni ace ndi kuwagulitsa, woimba osalandira kanthu. Boma linakhazikitsa lamulo loteteza eni nyimbo ndi mabuku m'caka ca 1989, ndipo m'caka ca 1992 linayambitsa bungwe la COSOMA loyang'anira lamulolo. Lamulo latsopano linalowa m'malo mwace m'caka ca 2016.

CD, FONI NDI INTANETI

CD inayamba kugulitsidwa kunja m'caka ca 1982, koma kwathu inafala pambuyo pa caka ca 2000. Iyo ndi kambale konyezimira kotenga mphindi pafupifupi 80. M'malo mwa singano, iwerengedwa ndi kuwala. Kusiyana kwace kwakukulu ndi nkhokwe zakale nkuti mau sasungidwa monga kamzere kokandidwa, koma asandulizidwa manambala. Tsono nambala ukaikopera bwino siisintha: 7 wa m'buku langa ndi 7 yemweyo m'buku lanu. Kaseti yojambulidwa kucokera ku inzace inatsika mau nthawi iri yonse, koma nyimbo ya manambala ingathe kukopedwa ka 100 osatayapo kanthu.

Anatiuza kuti CD siidzatha, koma tinaona tokha kuti ikakandika idumphadumpha, ikakhala padzuwa ipindika, ndipo zotsika mtengo zisupuka. Siinakhalitse. Akatswiri anapeza njira yopanikiza nyimbo kuti icepe, yochedwa MP3, ndipo nyimbo zinasamukira m'kompyuta, m'fulashi ndi m'timakhadi ta m'foni. Kakhadi kamodzi ka 8 GB kangathe kusunga nyimbo pafupifupi 2,000. Agogo anga akadafuna kusunga nyimbo zotero, akadasowa mbale 1,000 ndi ngolo yozinyamulira.

Pa misika yathu panabuka anyamata okhala ndi kompyuta, amene anthu awacha obena nyimbo. Munthu apereka kakhadi ndi ndalama pang'ono, nabwerera ndi nyimbo mazana. Ena amvera nyimbo pa intaneti, pa YouTube ndi malo ena otere, ena atumizirana pa WhatsApp. Njira zimenezi zacita zodabwitsa. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, amene anayamba kuimba dziko lino lisanalandire ufulu, anaimbanso nyimbo zace zakale pamodzi ndi Patience Namadingo m'caka ca 2020, ndipo caka cotsatira imodzi ya izo inamveka kwa anthu mamiliyoni pa TikTok, m'maiko amene iye sanapondemo.

Koma tisanyengedwe ndi kuculuka. Ndaona mabvuto atatu. Loyamba, kakhadi nkosacedwa kutayika, ndipo kakaonongeka kafa ndi nyimbo zace zonse tsiku limodzi; mbale yong'aluka iimbabe mbali yotsalayo, koma kakhadi kakufa kangoti zii. Laciwiri, nyimbo zambiri za m'makhadi ziribe maina. Ndinafunsa ana a Sitandade 8 kuti andiuze mwini nyimbo ina yakale imene onse anali kuidziwa, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe anayankha. Lacitatu, nyimbo ya pa intaneti si yanu. Iri ngati cimanga ca m'nkhokwe ya mnansi. Mungaimve pokhapokha muli ndi ndalama za intaneti ndi moto m'foni, ndipo amene anaiikapo angathe kuicotsa tsiku liri lonse.

M'mwezi wa March, 2023, namondwe wa Freddy anagwetsanso mapiri a Phalombe, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Opulumuka ambiri anataya mafoni, ndipo m'mafonimo munali nyimbo, zithunzi ndi mau a abale ao amene anapita. Phunziro la 1991 linabweranso kwa mbadwo wina.

UMO TINGAMANGIRE NKHOKWE YATHU

Tsopano taona kuti mtima wa munthu uleka kugunda, mbale isweka, tepi ichita nkhungu, CD ikandika, ndipo kakhadi katayika. Nyimbo zimene zafika kwa ife ndi zokhazo zimene wina anazisamutsa nkhokwe yakale isanagwe. Nazi tsono zinthu zisanu zimene munthu ali yense angacite, ngakhale wosauka.

Coyamba, yambani ndi zimene sizipezeka pa msika. Nyimbo za oimba ochuka ziri m'manja ambiri, koma nyimbo za azakhali anu ziri mwa iwo okha. Foni yotsika mtengo ijambula mau bwino kuposa wailesi ya atate anga. Apempheni mwaulemu, khalani nao pa malo opanda phokoso ndi mphepo, ndipo mukatha amvetseni. Nyimbo zacinsinsi, monga zina za kucinamwali, musazijambule popanda cilolezo ca eni mwambo.

Caciwiri, lembani. Inu amene mwaphunzira kulemba mutakula, nayi nchito yoyenera dzanja lanu. Gulani kope, ndipo pa nyimbo iri yonse lembani dzina lace, dzina la woimba, mudzi, cinenero, tsiku limene inajambulidwa, ndi nthawi imene iimbidwa, kaya pamtondo, paukwati kapena pamaliro. Musanayambe kujambula, chulani zomwezo ndi pakamwa, kuti dzina liyende pamodzi ndi nyimbo kuli konse kumene idzapita.

Cacitatu, musasunge pamodzi. Nyimbo imene muiwerengera ikhale m'malo atatu: m'foni mwanu, m'kakhadi kena kosungidwa m'botolo louma lotseka bwino, ndi kwa mbale wokhala dera lina. Madzi amene afika pakhomo panu safika tsiku lomwelo ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Joni.

Cacinai, musataye zakale, ndipo musacedwe kuzisamutsa. Mbale ziimikeni ciriri pamthunzi, makaseti akhale pouma, kutali ndi dzuwa ndi masipika. Makina oimbira kaseti alikusowa caka ndi caka. Ngati muli ndi kaseti ya mtengo wapatali, funani lero lomwe munthu woisamutsira m'kompyuta. Ine ndinacita cotero ndi kaseti ya agogo, koma kasetiyo ndiisungabe, cifukwa pa cikuto pace pali dzanja la atate. Ndiponso kamodzi pa caka, monga mukatha kukolola, imbani zonse zimene munasunga kuti muone ngati zikali zamoyo.

Cacisanu, kumbukirani woimba. Iye adya thukuta lace monga mlimi. Kujambula agogo anu ndi kugawira abale ndi nkhani ya pa banja panu, koma kuculukitsa nyimbo za woimba ndi kuzigulitsa iye osadziwa ndiko kukolola m'munda mwa mwini. Pamene pali njira yogulira nyimbo kwa mwini wace, gulani. Akabwera kudzaimba kwanu, lipirani pakhomo.

MAU OTSIRIZA

Alimi a kuno adziwa kuti mbeu ya makolo siisungika poitsekera m'nsupa zaka 20. Isungika poibzala caka ndi caka, ndi pogawirako anansi, kuti yako ikapsa ndi dzuwa ukapemphe kwa iwo. Nyimbo iri cimodzimodzi. Kakhadi kamene tikanyadira lero kadzakalamba monga inakalambira galamafoni, ndipo adzukulu athu adzakaseka. Cimene cidzawafikire ndi cokhaco cimene ife tacilemba dzina, tacigawa, ndi kucisamutsa pa nthawi yace.

Ndipo tisaiwale nkhokwe yoyamba ija. Tsiku lina ndinatengera mau a agogo ku sukulu, ndi kuwamvetsa ana a m'kalasi langa. Ambiri a iwo Cilomwe sacilankhula, cotero ndinaitana mai wina wacikulire wa m'mudzi kuti awamasulire mau ace. Ana anaseka pomva tambala uja, koma pofika Lacisanu atsikana anali kuimba imodzi ya nyimbozo popita kukatunga madzi. Atate anga, amene tsopano ndi nkhalamba, anaimva ali pakhonde, naitana anawo kuti aibwereze, nawakonzera pamene anali kulakwitsa.